Zimene Timati Timayendera ndi Zimene Zimatiyendetsadi

Funsani anthu khumi pa depoti ya Wenela ku Blantyre, kapena mumsika waukulu wa Lilongwe, kuti chofunika koposa pa moyo wawo n'chiyani. Simuvutika kulemba mayankho, chifukwa afanana: Mulungu, banja, chilungamo, ulemu, mtendere. Kondakitala amene wangowadyera agogo ena chenji atchula chilungamo, ndipo sikuti akhala akunama dala. Bambo amene Loweruka lonse sanaoneke pakhomo atchula banja, mwinanso mawu akunjenjemera. Palibe anganene kuti "changa ine n'kutamandidwa," kapena "ndimaopa kunenedwa kuposa ngongole," chonsecho ambirife zimenezi ndi zimene zimatigoneka mochedwa n'kutidzutsa m'mamawa.

Nkhani ya mfundo zimene munthu amayendera yatchuka masiku ano. Imamveka m'misonkhano ya achinyamata, m'maphunziro a kuntchito, pa ulangizi wa mabanja, pa Facebook. Uphungu wake ndi umodzi: khala pansi, lemba zinthu zisanu zimene umazilemekeza koposa, ndipo zosankha zako ziyamba kuwongoka. Uphunguwu si woipa. Vuto n'lakuti umayenda limodzi ndi zikhulupiriro zingapo zokoma pakamwa zimene zikayesedwa zimagwa. Munthu akazidalira amatha kudziona wachinyengo pamene sali wotero, kapena kudziona wolungama pamene sanayesedwe n'komwe.

"Zanga ndimazidziwa, ndikhoza kuzitchula pompano"

Kuzitchula mukhozadi, koma mndandandawo sunena zambiri za inu. Katswiri wa za maganizo a anthu Shalom Schwartz, wa pa Hebrew University ku Jerusalem, mu 1992 anagawa zimene anthu amazilemekeza m'magulu 10: kuchitira zabwino anthu apafupi, kuganizira anthu onse ndi chilengedwe, kuyendera maganizo ako, kufuna zatsopano, kusangalala, kupambana, ulamuliro, chitetezo, kusasemphana ndi gulu, ndi mwambo. Mu 2001 iye ndi Anat Bardi anayerekeza mayankho ochokera m'mayiko oposa 50, n'kupeza kuti m'madera ambiri anthu amaika kuchitira zabwino anthu apafupi pamwamba, ulamuliro pansi. Ndiye mukati mumakonda banja lanu ndipo za mipando mulibe nazo ntchito, mwangonena zimene dziko lonse limanena.

Chachikulu chimene Schwartz anaona n'chakuti magulu amenewa amakokana. Ena amamvana, monga mwambo ndi kusasemphana ndi gulu. Ena ndi olimbana, monga kupambana ndi kuganizira ena, kapena chitetezo ndi kufuna zatsopano. Munthu aliyense ali nazo zonse khumi. Timasiyana pa funso limodzi: ziwiri zikakumana, imapatuka ndi iti? Zili ngati ana a nyumba imodzi, onse ndi ako, koma ndiwo zikachepa m'pamene amadziwika woyamba kupatsidwa.

Tinene kuti Lachinayi usiku foni yalira, amalume atisiya ku Ntcheu. Lolemba ndi tsiku lomaliza kulipira fizi ya mwana wa Fomu 3, ndipo ndalama ili m'nyumba ikukwanira chimodzi chokha. Apa sipali chabwino ndi choipa. Zonse ziwiri n'zabwino. Wina akwera basi, n'kudzakapempha ahedi kuti amudikire masabata awiri. Wina alipira fizi, atumiza chipepeso chochepa pa foni, n'kuvomera kuti kumudzi amunena. Onse awiri atapatsidwa pepala akanalemba "banja" pamwamba. Lachisanu m'mawa ndi pamene zaoneka kuti kwa wina banja ndi mtundu umene anachokera, kwa mnzakeyo ndi mwana amene akumulera.

Choncho wofunadi kudziwa zimene amayendera asayambe ndi pepala loyera. Ayambe ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a miyezi itatu yapitayi. Za lendi, ufa ndi makala azidumphe, poti zimenezo n'zokakamiza. Ayang'ane kandalama kotsala kaja kuti kanapita kuti. Kwa amayi kumudzi? Kobetcha mpira? Ku chakhumi, ku bandulo ya intaneti, ku nsapato? Akumbukire chimene anakana chaka chino ngakhale chinali ndi phindu, ndi chimene anavomera n'kusowa nacho tulo. Mkwiyo nawo ndi mboni yabwino. Wina amapsa mtima akaona munthu akulowerera mzere kuchipatala. Wina zimenezo sizimukhudza, koma amanjenjemera mwana akayankha wamkulu mwachipongwe. Ndipo pali mboni ina imene sitikonda kuiitana, nsanje. Munthu amene mumamuchitira kaduka ali ndi chinthu chimene mumachilemekeza kuposa mmene mumavomerera pagulu.

"Wachilungamo ndi wachilungamo paliponse"

Ichi ndiye chozama kuposa zonse, ndipo n'chimene chimatigwiritsa pakamwa mkulu wa mpingo akagwidwa ndi ndalama za chitukuko. M'zaka za m'ma 1920 ku America, Hugh Hartshorne ndi Mark May anayesa ana asukulu oposa 10,000. Ankawapatsa mpata woonera mayeso, wonama pa masewera, wobisa makobiri, anawo akuganiza kuti palibe angadziwe. Zotsatira zake, zimene zinayamba kutuluka mu 1928, zinakhumudwitsa ambiri. Mwana woonera m'kalasi sanali kwenikweni yemwe ankabisa makobiri, ndipo wokhulupirika pa masewera ankatha kunama pa ntchito yokalembera kunyumba. Kudziwa malamulo a khalidwe labwino, ngakhale kupita ku Sande sukulu, kunasintha zochepa kwambiri.

Nkhani imene imandisowetsa mtendere ndi ya 1973. John Darley ndi Daniel Batson anatenga ophunzira zaubusa a pa Princeton Theological Seminary, n'kuuza aliyense kuti apite ku nyumba ina akalankhule mwachidule. Ena mutu wawo unali fanizo la Msamariya wachifundo, la pa Luka 10. Ena anauzidwa kuti nthawi ilipo, ena kuti achedwa kale ndipo akuwadikira. Panjira anaikapo munthu atazyolika, akutsokomola ndi kubuula. Mwa amene anali ndi nthawi, 63 pa 100 alionse anaima kuti athandize. Mwa othamanga, 10 okha. Mutu wa nkhani yokakamba sunasinthe zambiri, moti panali ena amene anachita kumudumpha munthuyo, akuthamangira kukalankhula za wansembe ndi Mlevi amene analambalala.

Ophunzirawo anali 40 okha, choncho manambalawa tisawatenge ngati lamulo. Koma zimene anaonetsa aliyense anazionapo. Ndipo othamanga aja sikuti anali ouma mtima. Nawonso ankatsata mfundo, ya kusakhumudwitsa munthu amene akukudikira. Batson ndi anzake atabwereza kafukufuku wofanana naye mu 1978, anapeza kuti anthu akauzidwa kuti kumene akuthamangirako si kofunika kwenikweni, changu sichiwaletsanso kwambiri kuima.

Dalaivala wa minibasi amene bwana wake akufuna ndalama yakutiyakuti pofika madzulo, namwino amene mzere wafika panja iye ali yekha, mayi amene wafika pakhomo usiku atatha maola akudikira basi: onsewa akhoza kukhala anthu ofatsa Lamlungu masana. Kuleza mtima kumafuna nthawi, tulo, ndi m'mimba mokhala kanthu. Amene amati chifundo ndi mfundo yake koma tsiku lililonse amanyamuka mochedwa, chifundocho amachisiya m'nyumba asanatuluke pageti.

Sikuti khalidwe kulibe ayi. Amene anadzabwereranso ku manambala a Hartshorne ndi May, ndi ena amene anatsatira anthu kwa masiku ambiri, anapeza kuti mukaphatikiza zochita zambiri za munthu, kusiyana kumaoneka: alipo onama kawirikawiri, alipo onama mwa apo ndi apo. Khalidwe limaoneka pa chaka, osati pa Lachiwiri limodzi. N'chifukwa chake ankhoswe anzeru safunsa za tsiku limene mbale zinasweka lokha. Amafunsa mmene pakhomopo pamakhalira.

"Zikalembedwa n'kulowezedwa, zakhazikika"

Kampani ya Enron ku America inali ndi mfundo zinayi zolembedwa bwino m'malipoti ake: ulemu, kukhulupirika, kumasukirana, ndi kuchita bwino koposa. Mu Disembala 2001 inagwa, zitadziwika kuti mabuku ake a ndalama anali achinyengo, ndipo akuluakulu ake ena anakalowa m'ndende.

Koma palibe chifukwa chopitira kutali. Amene anakula nthawi ya Kamuzu amakumbukira ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ana asukulu ankaziloweza, pamisonkhano zinkatchulidwa mpaka kulowa m'mutu. Mawu anayiwa paokha alibe vuto, kholo lililonse lingakonde mwana wotero. Koma kukhulupirika kwa yani? Kumvera ndani? Pansi pa ngodya zomwezo anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu osazengedwa mlandu. Pa 14 Juni 1993, anthu atafunsidwa pa riferendamu, pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha zipani zambiri, ngakhale kuti m'chigawo chapakati ambiri anafuna kukhalabe ndi chimodzi. Zaka pafupifupi 30 za kuloweza sizinalepheretse anthu kusankha zina tsiku limene anapatsidwa mpata.

Nyengo yomweyo inatisiyiranso chitsanzo cha mbali inayo. Khadi la chipani linali la ndalama yochepa, ndipo achinyamata a chipani ankalifunsa pageti la msika ndi pokwera basi. Anthu ambiri, okonda chipani ndi osachikonda omwe, ankagula kuti adutse. A Mboni za Yehova anakana. Chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967. Mu 1972 masauzande anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitatenthedwa, ena ataphedwa. Chiletsocho chinadzachotsedwa mu 1993. Munthu akhoza kusagwirizana ndi chiphunzitso chawo, monga ambiri sagwirizana nacho. Koma sangakane kuti apa mfundo inkayendetsa chosankha cha tsiku ndi tsiku, cha pageti la msika, ndipo mtengo wake eni ake ankaudziwa.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 9 mwa 10 alionse ndi Akhristu kapena Asilamu. M'dziko lomweli, kampani yofufuza mabuku ya Baker Tilly inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'boma m'miyezi 6 yokha ya 2013, pa nkhani ya Cashgate ija. Amene ankasaina mapepala otulutsira ndalamazo sanali alendo. Lamulo lakuti usabe analiloweza ali ana, ngati ife tonse.

"Ndalama ikangochuluka, chilungamo chimathawa"

Ichi n'chosiyana ndi zinazo, chifukwa zoona zake n'zokoma kuposa chikhulupirirocho. Mu 2019 Alain Cohn ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa zikwama za ndalama zoposa 17,000 zimene zinaperekedwa ngati zotoledwa kwa ogwira ntchito m'mabanki, m'mahotela, m'mapositi ofesi ndi m'maofesi ena, m'mizinda 355 ya mayiko 40. Zopanda ndalama, eni ake anadziwitsidwa pa 40 mwa 100 zilizonse. Zokhala ndi ndalama, 51. Zinayenda motero m'mayiko 38 mwa 40 aja. Ku America, Britain ndi Poland, kumene anayesanso kuika ndalama zambiri, nambala inafika pa 72. Akatswiri a zachuma atafunsidwa kuti alosere, ambiri sanayembekezere zimenezo.

Chifukwa chimene ofufuzawo anapereka n'chakuti munthu safuna kudziona ngati wakuba. Kusunga chikwama chopanda kanthu umatha kukutcha ulesi, koma chokhala ndi ndalama dzina lake ndi limodzi. Ndiye kuti mfundo zimagwira bwino pamene chochitacho chili ndi dzina loonekeratu. Pamene zimaterera ndi pa tinthu timene tinatipatsa mayina ofewa: kangachepe, ya Fanta, alawansi ya msonkhano umene unangokasaina.

"Zoyendera mfundo zako n'zachizungu, ife timayendera umunthu"

Muli choonadi pang'ono m'mawu amenewa. Pa kafukufuku wa Schwartz ndi Bardi uja, mayiko a kuno kwa anthu akuda amene anafunsidwa anasiyana ndi ena: kusasemphana ndi gulu kunakwera, kuyendera maganizo ako kunatsika. Timakuliramo. Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Ndipo amene sapita m'maliro a anzake amadziwa chimene chidzachitike tsiku limene adzafune adzukulu.

Koma umunthu ndi kuopa kunenedwa zimafanana kwambiri mukaziona kunja. Jessica Goldberg wa pa University of Maryland anachita kafukufuku m'makalabu a alimi kuno ku Malawi. Anachititsa mayere a ndalama, wina n'kupambana pamaso pa gulu, wina mwachinsinsi. Opambana poyera ndalamayo anaigwiritsa ntchito mofulumira kuposa anzawo. Aliyense amene analandirapo ndalama ya fodya kapena ya penshoni, kapena amene anatsikapo basi yochokera ku Joni, chifukwa chake akuchidziwa: ikagona m'nyumba, mawa kubwera alendo. Munthu amagula malata lero lomwe, osati chifukwa denga lafika poipa lero, koma kuti pofika mawa akhale ndi yankho loona lakuti "yatha."

Funso losiyanitsa ziwirizi ndi lalifupi: kukanakhala kuti palibe adzadziwe ngati ndatumiza kapena ayi, ndikanatumizabe? Pa mankhwala a amayi, ambiri yankho ndi inde wosachedwa. Pa msuweni amene akufuna mpamba wachitatu wa geni imene palibe anaionapo, yankho limachedwa. Kuona kwanga, zambiri zimene mudzi umatifunsa n'zathu ndithu, ndipo n'zabwino. Dziko limene ambiri alibe inshuwalansi kapena penshoni silingayende popanda izo. Koma chimene wachisankha wekha umachichita zaka zambiri osawawidwa mtima. Chokakamizika chimabala miseche, kuwerengera, ndi foni yozimitsidwa kumapeto kwa mwezi.

Ndiponso umunthu womwewo umasowa anthu otha kukana. Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza, amene anagwira ntchito ya ulembi ku Zomba zaka zambiri asanalongedwe ufumu mu 2003, anathetsa maukwati a ana mazanamazana, kubwezera anawo kusukulu, ndi kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankavomereza maukwatiwo. Makolo ena anawada, poti za ukwatizo anali atalandira kale. Lamulo loika zaka za ukwati pa 18 linabwera mu 2015, ndipo malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017. Palibe angati mayi amenewa anali achizungu. Anasankha pakati pa mfundo ziwiri za kwathu konkuno, kusunga mwambo ndi kuteteza mwana, ndipo anasankha gulu lisanagwirizane nawo.

"Akanakhala kuti amazifunadi, bwenzi atazichita"

Timatero za mlimi amene mu Juni anali ndi ndalama koma mu Novembala alibe feteleza, ndi za kholo limene linalumbira kuti lisunga ya fizi. Timati alibe mfundo, n'ngosalongosoka.

Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson anatsatira alimi a chimanga ku Busia, kumadzulo kwa Kenya, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2011. Pafupifupi alimi onse ankati nyengo ikubwerayi athira feteleza, koma amene anathiradi sanafike theka. Ndalama inkatha pang'onopang'ono pakati pa kukolola ndi kubzala, lero sopo, mawa chipatala, mkuja maliro. Ofufuzawo anangosintha tsiku. Anapita kwa alimi atangokolola, n'kuwagulitsa feteleza pa mtengo wake weniweni, n'kulonjeza kudzawabweretsera kwaulere. Othira feteleza anachuluka, mofanana ndi pamene mtengo unadulidwa ndi theka nthawi yothira itayandikira. Kuno kwathu nako, mu 2009, alimi a fodya amene anathandizidwa kuti ndalama za kumsika zizilowa mwachindunji mu akaunti ya kubanki anagula zipangizo zaulimi zambiri nyengo yotsatira kuposa anzawo olandira m'manja.

Mtima wa alimiwo sunasinthe. Chinasintha ndi tsiku losankhira. Amayi a banki mkhonde zimenezi anazidziwa kale popanda pulofesa: bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana. Malokowo sikuti ndi a akuba okha. Amamuteteza mwini ndalama kwa iye mwini, ndi kwa mlamu wobwera madzulo ndi nkhani yomvetsa chisoni. Chipeleganyu nacho n'chimodzimodzi.

Katswiri wina, Peter Gollwitzer, anasonyeza kuti cholinga chimakwaniritsidwa kwambiri chikamangidwa pa nthawi ndi malo: kukachitika chakuti, ndidzachita chakuti. "Ndimalemekeza makolo" ndi mawu chabe. "Malipiro akalowa, ya amayi ndi ya fizi zituluke tsiku lomwelo, ndisanakumane ndi anyamata" ndi dongosolo. "Sindipereka ziphuphu" n'chimodzimodzi. Pamsewu, munthu ali pa changu, mawuwa amasungunuka. Amene amawasungadi ndi amene anakonzeratu mapepala a galimoto, ananyamuka nthawi ilipo, ndipo anakonzeratu chonena: "Bwana, ngati ndalakwa ndilembereni lisiti." Kunena zoona, yankho limeneli limadula kuposa kangachepe, ndalama ndi nthawi yomwe. Amene sanaliwerengeretu m'mawa sangalikwanitse masana.

"Mfundo zenizeni sizisintha, ndipo ukazidziwa kusankha kumaphweka"

Mbali yoyamba tisachedwepo. Mfundo zimasuntha. Kafukufuku m'mayiko ambiri amasonyeza kuti achinyamata amakokera ku zatsopano ndi chisangalalo, achikulire ku chitetezo ndi mwambo. Mnyamata amene ankati sangagwire ntchito yolembedwa, akabereka mwana n'kuyamba kufuna malipiro a mwezi ndi mwezi, sanadzigulitse, wakula. Yokayikitsa ndi mfundo imene imasintha tsiku lenileni limene yayamba kudula.

Mbali yachiwiri ndiye bodza lokoma kwambiri. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anali atabedwa, ndipo ophunzira dziko lonse analembanso mu Januwale 2021. Timakamba nkhani zoterezi ngati za mbava zosadziwika, koma chinyengo chambiri cha pa mayeso chimayamba ndi munthu amene wapemphedwa ndi munthu amene sangamuyang'ane m'maso n'kumukana. Taganizani mphunzitsi woyang'anira mayeso, madzulo alamu ake afika. Moni atha, tiyi wamwedwa, kenako: "Alamu, mwana wanu uja walephera kawiri. Mawa mungoyang'anako kumbali." Mphunzitsiyo mfundo zake akuzidziwa bwino. Kudziwako sikuchotsa kuti mwanayo amamukonda, kapena kuti alamu omwewa ndi amene anamugoneka m'nyumba mwawo nthawi imene ankasaka ntchito m'tauni. Kuthokoza nayo ndi mfundo, ndipo ndi yake.

Tinene kuti wayankha kuti, "Alamu, pamenepo ndiye pepani. Akapanda kukhoza, azibwera kuno madzulo ndizimuphunzitsa masamu." Alamuwo sanabwerere masamu. Pa chinkhoswe chotsatira moni adzakhala wa m'mano, mlongo wake adzamva mawu kunyumba kwake, ndipo palibe ofesi imene idzamulembere kalata yoyamika, chifukwa palibe idzadziwe.

Chimene kudziwa mfundo zake kwamuchitira n'chaching'ono, koma chilipo. Kulimbana ndi mtima kumatenga usiku umodzi m'malo mwa mwezi. Ndipo anthu amazolowera: akakana kawiri katatu mbiri imamveka pachibale ndi pasukulu kuti uja musataye naye nthawi, moti chaka chamawa opempha amapita kwa wina. Tsoka lake, kawirikawiri winayo amapezeka.